Ndevu za Alamu

Munthu akagonekedwa m'chipatala, abale amakumbuka zambiri. Amakumbuka bulangete, fulasiki ya tiyi, nthochi, sopo, ena mpaka kawailesi. Koma ndevu sakumbuka. Wodwala amagona pabedi sabata, mwezi, nkhope n'kumera ngati munda wa mlesi, ndipo odzamuzonda akangomuona amayamba kupukuta misozi asanamve n'komwe zomwe adokotala anena. Zimenezi ndi zomwe zinkawawawa a Lumo.

Dzina la Lumo analipeza pantchito, ndipo linawakanirira mpaka ana a mumsewu wawo ankayesa lobadwa nalo. Anali munthu wamfupi, wa kamimba, woyenda mwachifatse. Kumeta anakuphunzira ali mnyamata kwa mkulu wina amene ankametera pansi pa mtengo, ndipo atakula anapeza kachipinda m'mbali mwa msewu wopita kumsika. Munali mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi shelefu ya mashini awiri, masizasi, zipeso, burashi ndi botolo la sipiriti. Magetsi akazima, anzawo ometa ankatseka n'kumacheza panja. Iwo ankangotola sizasi ndi chipeso, ntchito n'kumapitirira.

Kuseri kwa khoma la kachipindako kunali telala, ndipo telalayo anali mlamu wawo, mlongo wa mayi a kunyumba. Khonde linali limodzi, ketulo imodzi, ndipo mkangano unali wa tsiku ndi tsiku. Atelala anali aatali, owonda, tepi ili m'khosi ngakhale kumaliro, pakamwa posatopa.

"Alamu, ntchito yanuyi ndi ntchito yanji, yodula chinthu choti mawa chimeranso?" ankatero akutsamira pachitseko.

"Nanga yanu? Mumang'amba nsalu yabwinobwino kuti muilumikizenso," ankayankha a Lumo osacheuka n'komwe.

Koma Loweruka lililonse, dzuwa likapendeka, Atelala ankavundikira makina awo n'kukakhala pampando uja. Ndevu zawo zinali za waya. Pansi pa chibwano zinkamera mozungulira, ndipo pansi pa khutu lamanzere panali njerewere yaikulu, yoti lumo likangoikhudza magazi sankaleka msanga. Ali mnyamata ankadzimeta okha, nkhope n'kumatuluka ziphuphu mpaka kusowa pogwira. Kuyambira pomwe a Lumo anakwatira mlongo wawo, palibe dzanja lina lomwe linafikapo pankhopepo. A Lumo ankayamba ndi thaulo lotentha, sopo n'kumupaka kawiri, kenako n'kumatsata ndevuzo komwe zikulowera, njerewere ataitsekera ndi chala chachikulu. Atelala, thovu lili mbuu pakamwa, ankalankhulabe: "Ine mlongo wanga ndinakupatsani chifukwa cha ndevuzi basi. Musadzimve."

Zometa odwala zinayamba ndi bambo awo a Lumo. Mkuluyo atagonekedwa, tsiku lina anadziona pagalasi la zenera n'kutembenukira kukhoma, osafunanso kuona munthu. Mawa lake a Lumo anabwera ndi zida zawo. Atamaliza, mkulu uja anadzisisita m'masaya n'kupempha tiyi. Wa bedi loyandikana anatukula dzanja kuti nayenso, winanso chimodzimodzi, mpaka nthawi yozonda odwala inatha. Bambo awo sanachire, koma a Lumo anaona kuti munthu womumeta amakhala tsonga, amafunsa za kunyumba, amayamba kudandaula za chakudya, ndipo wodwala akayamba kudandaula za chakudya ndiye kuti moyo akuufunabe.

Chiyambire pamenepo, Lamlungu lililonse masana ankanyamula kachikwama kakuda n'kulowera kuchipatala, ku wodi ya abambo. Aliyense lezala lake latsopano. Anamwino anawazolowera, mlonda wa pageti sankawafunsanso kuti mukukaona ndani. Palibe anawatuma, ndipo iwo sankazitenga ngati zachifundo. Ankangoti nkhope yosameta imawayabwa m'manja. Mayi a kunyumba poyamba ankadandaula kuti tsiku lopuma ndi limodzi lomwelo, koma kenako anatopa, n'kumangowachapira mathaulo.

Shuga anawapeza imvi zitayamba. Ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, nyerere n'kumaunjikana pomwe atayira madzipo. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi ndi malangizo, iwo n'kulandira zonse ndi manja awiri mwaulemu, monga amachitira anthu amene alibe maganizo otsatira. Mapiritsi ankamwa akakumbuka. Kunyumba mayi anabisa shuga, tiyi n'kukhala madzi otentha ofiira basi, koma kukhonde kuja kunali kachitini ka Atelala, ndipo chitini sichinena munthu. Wowafunsa za matendawo ankamuyankha moseka: "Shuga wanga ndi waulemu, sandivuta." Zoona sanawavute, zaka ndithu. Ankangodikira mnzake woti agwirizane naye.

Mnzakeyo anabwera nyengo yozizira ya chaka china. Kunagwa chimfine choipa, cholowa m'chifuwa, ndipo wometa alibe pothawira mpweya wa munthu. Kasitomala akatsokomola, iwe uli pamphuno pake pomwepo. A Lumo anayamba ndi kukhosi kokanda, kenako mutu, kenako kutentha thupi, koma ankatsegulabe. Chakudya chitayamba kukanika, anasiyiratu mapiritsi a shuga, ati mankhwala samwera m'mimba mopanda kanthu. Mphamvu ankazifunafuna mu zakumwa zotsekemera. Tsiku lina m'mawa, akuwerama kuti amange nsapato, mpweya unawathawa. Anakhala pansi pakhomo, kukamwa yasa, milomo itada, ndipo ndi Atelala amene anathamanga kukafuna galimoto.

Anawagoneka mu wodi yomwe ija, pabedi lomwe anametapo anthu osawerengeka. Za masiku oyamba sakumbuka zambiri: phokoso la okosijeni m'makutu, kuzizira kwa madzi a diripi akulowa mumtsempha, chala chobayidwa kosalekeza poyeza shuga amene anakwera mpaka anamwino kumayang'anizana. Anatsala madzi amodzi. Akutsitsimuka anapeza ndevu zawo zili nyankhalala, ndipo masiki ya okosijeni inkakana kugwira bwino pankhope, mpweya n'kumathawira m'mbali, kumawaomba m'maso. Namwino wina anachita kuwadulako ndi sizasi, mwachisawawa, iwo akumva chisoni ngati akuona munthu akuononga nsalu ya ukwati. Atelala ankabwera tsiku ndi tsiku, n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Onani wometa wa tauni yonse," ankauza a mabedi oyandikana. "Akuoneka ngati tsache. Dzukani alamu, ine nkhope ikundiyabwa."

A Lumo anabwerera lokumbakumba. Tsiku lotuluka, adokotala anawaitanira m'kachipinda pamodzi ndi mayi. Anali dokotala wamkazi, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, wolankhula mosathamanga.

"Bambo, kuti m'magazi mwathu muli asilikali, zimenezo munamvapo," anayamba adokotala. "Asilikaliwo ali m'magulu, ndipo gulu lina timalitcha ma T selo. Ena mwa iwo amalondolera anzawo kuti mdani ali apa. Ena ndi amene amakapha timaselo ta m'mapapo tomwe kachilombo kalowamo, kuti kasaswane. Mutabwera tinawayeza, anali ochepa kwambiri. Tayezanso, akadali pansi."

Nkhope ya a Lumo inagwa. Zoti uje chitetezo chatsika anazimvapo kambirimbiri pabenchi yawo, ndipo nthawi zonse zinkanenedwa chapansipansi, ponena za matenda ena aja. Anayang'ana mayi, mayi anayang'ana pansi.

"Ayi, si zimenezo," adokotala anawadula asanafunse. "Amenewo mulibe. Izi zimachitika kwa anthu ambiri amene kachilombo ka m'chifuwa kawagwira kwambiri."

"Nanga apita kuti asilikaliwo?" anafunsa a Lumo.

"Ena anathamangira kumapapo komwe kunali nkhondo, ena anafera komweko. Otsalawo ndi otopa. Alipo, koma mdani akamadutsa amangomuyang'ana. Kwa munthu wa shuga, makamaka wokwera ngati wanuyu, zimakula, chifukwa nkhondo imawapeza ali ofooka kale. Amachedwa kudzuka, kachilombo n'kupeza mpata, thupi n'kuyamba kumenya mwaukali chilichonse, mapapo omwe."

"Ndiye abwerera?"

"Amabwerera, koma sitingawathamangitse. Masabata, mwina miyezi. Shuga akakhala m'malo mwake, mwawathandiza. Muzibwera tiziyeza magazi." Adokotala anatseka cholembera chawo. "Ndamva kuti ndinu amene mumabwera ndi kachikwama Lamlungu."

"Ndine."

"Mulekeze kaye. Mu wodimu musalowemo mpaka ine nditanena. Pagulu ayi, pafupi ndi munthu wotsokomola ayi. Kachilombo kamene kanakugwetsani thupi lakadziwako, koma muno muli tina tambirimbiri. Kena kakakupezani muli chonchi, mapapo asanapole, sindikulonjeza kuti tidzakubwezaninso."

A Lumo anavomera ndi mutu. Ulendo uno anavomera zenizeni, chifukwa anali atalawa kubanika, ndipo wolawa kubanika safuna ulaliki wautali.

Kunyumba moyo unasintha. Mapiritsi analowedwa m'malo ndi jakisoni wa insulini, ndipo mayi anaphunzira kubaya pamimba, akutsina kakhungu, milomo ataluma ngati akubayidwa ndi iwo. Kachipinda ka kumsewu kanakhala chotseka. A Lumo ankakhala kuseri kwa nyumba pampando, kuothera dzuwa, kuyang'ana nkhuku za aneba, manja ali pamaondo osadziwa chochita. Kuchoka pampando kukafika kubafa kunali ulendo wopumira panjira. Lamlungu masana ndiye nthawi yomwe inkawavuta. Ankayang'ana kachikwama kali pamsomali, n'kumaganiza za nkhope zomwe zikumera kumeneko, mtima n'kumawawa ngati asiya mwana pamvula.

Manja atasiya kunjenjemera, Atelala anabwera Loweruka n'kukhala pa ndowa yovundikira kuseri komweko, ndipo a Lumo anawameta, mochedwa, akupumira pakati. Linali tsiku labwino. Ulendo woyamba wokayezetsa unabweranso ndi nkhani yabwino pang'ono: shuga watsika, asilikali ayamba kuchuluka, koma sanakwane. Adokotala anati adekhebe.

Loweruka lotsatira Atelala sanabwere. Anaimba foni, ati kachifuwa chabe, koma sakufuna kupatsira munthu amene asilikali ake ali patchuthi. Loweruka linalo sanabwerenso, ndipo pafoni mawu ankaduka pakati. Mkati mwa sabata anawagoneka, mu wodi yomweyo, pa okosijeni.

Akazi awo a Atelala anamwalira kale, ana ali kutali, ndiye wowadikirira anali mlongo wawo. Mayi ankachoka m'mawa, masiki ili pakamwa, kubwera madzulo. Akafika sankapereka moni. Ankazungulira kuseri, kuvula zovala za kuchipatala, kuziviika, kusamba, kenako n'kudzakhala patali ndi amuna awo, ndipo ankagona pabalaza. A Lumo ankafunsa zonse: adya? Akulankhula? Ali pabedi liti? Mayi ankayankha mosankha mawu. Koma munthu wotopa pakamwa pamaterera, ndipo tsiku lina anangoti:

"Achimwene nawonso makani. Masiki ija ikuthawitsa mpweya chifukwa cha ndevu, anamwino afuna kuwameta, iwo akukana. Ati nkhope yawo ili ndi mwini wake."

Atangonena anadzigwira pakamwa. A Lumo anali atakhala kale tsonga.

"Mpweya ukuthawa?"

"Pang'ono chabe. Amanga ndi bandeji m'mbali."

"Bandeji! Ine ndagonapo pamenepo, mayi. Mpweya umene ukupita m'maso ndi womwe ukusowa m'chifuwa. Mphindi zochepa zokha, nditavala masiki, ndalowa ndatuluka."

"Abambo, kodi mukufuna ndikhale ndi mabedi awiri?" anatero mayi. "Uko mlongo wanga, uku mwamuna wanga, ine ndidzigawa bwanji? Adokotala ananena ndili pomwepo. Wometa amayandikira mpaka pamphuno. Achimwene akutsokomola zoti beseni silichoka pambali."

"Munthu uja anandinyamula pakhomo apa."

"Anakunyamulani kuti mukhale moyo, osati kuti mukabwererenso."

A Lumo sanayankhe. Mayi anawadziwa amuna awo kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti akamakangana ndiye kuti nkhani ikadali pakamwa, koma akakhala chete ndiye kuti yapita m'miyendo.

Loweruka, mayi atachoka, a Lumo anatsitsa kachikwama pamsomali. Anatsuka burashi, kuwiritsa chogwirira lezala, kuchapa thaulo n'kuliyanika kuseri kwa bafa komwe ankaganiza kuti sikuoneka. Mwamuna akamabisa chinthu m'nyumba amaiwala kuti chingwe choyanikira chili ndi mwini wake. Mayi pobwera madzulo, akukaviika zovala zawo, analiona thaulolo lili lende. Anaphika, anabaya jakisoni, anafunsa ngati chakudya chakoma. M'mawa mwake anachoka molawirira kuposa masiku onse.

Masana a Lamlungu a Lumo anavala malaya awo oyera ndi masiki, n'kukhoma chitseko. Basi sanakwere, poti adokotala anati pagulu ayi, ndipo munthu akamaswa lamulo lalikulu amasunga ang'onoang'ono mosamala kwambiri. Anayenda wapansi, m'mbali mwa msewu, kupumira pa mlatho, kupumiranso pa khonde la sitolo yotseka. Anadutsa pa kachipinda kawo. Zitseko ziwiri zinali zokhoma, khonde litadzaza masamba ndi mapepala, ndipo sanafune kuyang'anitsitsa.

Kuchipatala mlonda anawalonjera mokondwa, ati takusowani. Iwo anangokweza dzanja, mpweya wolankhulira ausunge. Atalowa m'khonde lalitali lopita ku wodi, fungo la mankhwala otsukira pansi linawalandira, kenako anamva kutsokomola. Kale phokoso limenelo silinkawauza kanthu. Tsiku limenelo linawalowa m'mafupa. Anakumbuka denga lomwe ankaliyang'ana akusakasaka mpweya. Ankaopa, ndipo ankadziwa kuti akuopa. Anaganiza za asilikali awo ochepa aja, otopa, amene akuwatengera kunkhondo osawafunsa. Komabe anapitirira, chifukwa mpweya wa alamu awo unali kuthawira m'mbali ndipo iwo anali ndi lezala m'chikwama.

Pabenchi ya pakhomo la wodi panali mayi, manja atapinda, ngati munthu amene wadikira basi yomwe akuidziwa nthawi yake. Sanakalipe. Anaimirira n'kuima pakati pa amuna awo ndi chitseko.

"Mwafika, abambo. Musanalowe, tayang'anani kaye pagalasipo."

Chitsekocho chinali ndi kagalasi pakati. A Lumo anayandikira, n'kutchinga kuwala ndi dzanja. Anawaona Atelala chapafupi, atawatsamiritsa pa mapilo, ataonda mpaka mapewa kutuluka. Masiki ya okosijeni inali itagwira bwinobwino, popanda bandeji. Ndevu panalibe.

Koma kumeta kwake! A Lumo pa moyo wawo wonse anali asanaonepo ntchito yoipa chotero. Tsaya lina linali losalala, lina la mizeremizere. Pachibwano panali timabala, tina tomatidwa ndi thonje, tina tikadali tofiira. Pakhosi lezala linayenda mobwerera, mokangana ndi ndevu, ndipo ankadziwa kuti pofika mawa padzatuluka ziphuphu zokhazokha. Manja anayamba kuwayabwa, ndipo ukali wa ntchito unawakwera.

"Ndani wachita zimenezi? Namwino uti?"

"Palibe namwino," anatero mayi. "Okha."

A Lumo anacheuka.

"Achimwene ndinawauza m'mawa kuti ndaona thaulo lanu lometera pachingwe," mayi anapitiriza, mawu ali pansi. "Atangomva akuti, pita ukandigulire lezala. Ndinati ndikumeteni ine, akana. Anamwino akuti tikuthandizeni, akana. Ati munthu wina akagwira nkhope iyi, alamu adzakwiya mpaka kumanda, koma ndikaononga ndekha adzangonditukwana. Ine ndimagwira kagalasi ndi beseni. Amachotsa masiki, kukoka lezala kamodzi, kawiri, mpweya n'kutha, kubwezera masiki, kupuma, kuchotsanso. Kuyambira m'mawa, amaliza posachedwapa. Ati abwere apeze ntchito yatha, asakhale ndi chifukwa cholowera."

Mkatimo Atelala anali atawaona. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, kuonetsa tsaya ili, kenako linalo, monga amachitira kasitomala pagalasi akakhutira. Namwino amene anali pafupi anatsegula chitseko pang'ono kuti aone amene waima pakhomo, ndipo Atelala anatukula masiki ndi zala ziwiri.

"Mwachedwa... alamu," anatero, mawu akuduka. "Tapeza... wometa wina. Bwererani."

Anabwezera masiki, n'kukupiza dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Chifuwa chinawagwira, namwino anatseka chitseko n'kupita kukawathandiza.

A Lumo anaima pomwepo, chikwama chili m'manja. Ankafuna kuseka, ankafunanso kutukwana. Zaka zonsezo ankaganiza kuti iwo ndi amene amapita kwa odwala kukawachitira chinthu. Apa munthu wosowa mpweya anali atawononga mpweya wa m'mawa wonse kuti iwo asalowe pakhomo. Misozi inatsikira m'masiki, ndipo sanaibise.

Anayang'ananso pagalasi. Chifuwa chinali chitaleka, Atelala atatsamira, maso ali kuchitseko. Pansi pa khutu lamanzere, kuzungulira njerewere ija, panatsala kachigamba ka ndevu zakuda, kosakhudzidwa.

"Mukawauze kuti pansi pa khutu asiya," anatero a Lumo, mawu atasasa.

"Akudziwa," anayankha mayi. "Ati pamenepo sangayerekeze. Mukachira mudzamalize nokha."

"Ndikachira? Bwanji osati iwo akatuluka?"

"Iwo anena kuti mukachira. Za iwo sananene."

A Lumo anagwira chogwirira chitseko. Chinali chozizira, ndipo chinkangofuna kukankha pang'ono. Mayi sanawagwire dzanja. Mkatimo Atelala anali kuwayang'anitsitsa, osaphethira, nkhope yodzaza timabala ija ili chete, kudikira kuti aone ngati ntchito ya m'mawa wonse yapita pachabe.

Anachotsa dzanja. Anabwerera m'mbuyo, n'kukweza kachikwama kuti Atelala akaone kuti n'kosatsegula. Atelala anatsinzina, mutu n'kugwera pa pilo, mapewa n'kutsika, ngati munthu amene watula katundu.

"Tiyeni ndikuperekezeni pageti," anatero mayi.

"Ayi, bwererani kwa achimwene anu. Muwapake mafuta pakhosipo, osati sopo. Ndipita ndekha."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda m'khonde lija, pang'onopang'ono, osayandikira aliyense.